A Kaonekaye ndi Mtsikana wa Mapaipi

Pasukulu ya boma imene ndimaphunzitsa pali mayi ena amene ana anawapatsa dzina loti a Kaonekaye. Ndi aphunzitsi a masamu, aafupi, oyenda mwandawala ngati asiya mwana yekha kunyumba. Udindo wolangiza ana za ntchito zam'tsogolo unawagwera chifukwa tonsefe tinaukana. Anawapatsa kachipinda kosungiramo madesiki othyoka, koyandikana ndi kalasi yanga. Iwo anangokankhira madesikiwo kukhoma n'kuika mipando iwiri pakati.

Ine ndikafunsa ana zimene akufuna kudzakhala, kalasi yonse imasanduka madokotala ndi oyendetsa ndege, ngakhale aja amathawa akangoona jekeseni. Ndimawaombera m'manja n'kupitiriza phunziro. A Kaonekaye satero. Mwana akatchula ntchito, iwo amasaka munthu amene amaigwira, kawirikawiri amene anamuphunzitsa kale, n'kumufunsa kuti, "Pantchito yakoyi, ndi nthawi iti imene umalakalaka utangoisiya?" Akamva, amatumiza mwanayo kuti akaone nthawi yeniyeniyo. Wofuna unamwino amakaona anamwino akusintha zofunda za odwala otsegula m'mimba. Wofuna uloya amakaswera pabenchi ya kukhoti, mapeto ake mlandu n'kuimitsidwa.

Poyamba ndinkaona ngati ndi nkhanza, ndipo ndinawauza.

"Achimwene," anandiyankha, "mwana akabwerako akuifunabe, ndiye kuti ndi yakedi. Akaithawa, bola waithawa lero asanakalambirepo."

Chaka chatha, nthawi yosankha maphunziro itayandikira, m'kachipindamo munalowa mtsikana wina wanzeru, wokonda kukhala kumbuyo. Anati akufuna kukhala pulambala, wokonza mapaipi a madzi ndi zimbudzi. Vuto linali mayi ake. Iwo amagulitsa zovala mumsika, akumulera okha, ndipo anali atalengeza kale kwa aliyense kuti mwana wawo adzagwira ntchito ya mu ofesi. Popanda chilolezo chawo, mtsikanayo sakanalowa kalasi ya ntchito zamanja. Koma mayiwo atamva kuti a Kaonekaye amatumiza ana kukaona zonyansa za ntchito, anavomera msangamsanga kuti mwana wawo apite. Ankaganiza kuti akachira matenda a upulambalawo.

Loweruka pulambala wina amene a Kaonekaye anamupeza anatengera mtsikanayo kunyumba yogona alendo kumene zimbudzi zonse zinatseka, zoipa zikusefukira kuseri.

Lolemba m'mawa ndinamva mawu okweza kuseri kwa khoma. Ndinalowa m'kachipindamo ngati ndikufuna choko, paja khutu langa silimva kulangizidwa. Mayi a mtsikana uja anali chiimire, atanyamula nsapato za mwana wawo m'jumbo.

"Aphunzitsi, nsapato izi ndachapa, ndachapanso, koma ngakhale galu wa aneba akuzilambalala. Ndimati mundichizira mwana, inu mwangowonjezera matenda!"

"Pepani amayi, khalani pansi," anatero a Kaonekaye. "Wabwerako akuti bwanji?"

"Akuti bwanji? Ndinamuletsa kulowa m'nyumba, ndinamupatsa ndowa ndi sopo panja. Ndiye wayamba kundilankhulira pawindo. Akuti amene anayala mapaipiwo anali ndi tulo, madzi sangakwere chitunda. Akuti anatulutsamo nsanza, supuni, ndi mano oikirira a munthu. Akuti madzi atayamba kuyenda, mwini nyumba anavina. Kulankhula osapumira, mpaka chakudya chinazizira."

Apa mawu awo anatsika. Anakhala pampando uja, jumbo ili pamiyendo.

"Chimwalirireni bambo ake, mwana ameneyu m'nyumba amangoti inde kapena ayi. Ine ndimati ndi mmene wakulira. Loweruka ndinamva akuseka, ndinachita kutuluka kukaona ngati ndi iyeyo. Amaseka ngati bambo ake. Ndinali nditaiwala."

Ine choko ndinachiiwala. Chifundo chinandigwira, ndipo ndinangoyang'ana madesiki othyoka aja.

A Kaonekaye sanawanyengerere. Anawafotokozera bwinobwino kuti kuli sukulu za ntchito zamanja zimene zimalandira atsikana, kuti masamu ndi sayansi asazitaye chifukwa kumeneko zimafunika, ndiponso kuti akalimbikira angathe kudzafika pojambula mapulani a madzi a nyumba zikuluzikulu. Sanabisenso kuti fungo lija silidzatheratu, komanso kuti anthu ena adzamuseka.

"Amene adzamuseke ndi omwewo adzamuitane chimbudzi chikatseka," anatero mayiwo. Anayamba kumangamanga jumbo ija. "Anzanga kumsika ndinawauza kale za ofesi. Andiseka mpaka adzatope."

"Ndiye titani, amayi?"

Mayiwo anaimirira n'kupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Mulembeni kalasi imeneyo. Koma pulambala wanuyo mumuuze, ulendo wina mwana wanga amubwereke majombo."