Mzere Umene Make Ghazi Anauthyola Yekha

Chipale chofewa chikayamba kusungunuka m'mapiri ozungulira chigwa cha Bekaa, lole ya kapitawo Dirgham imafika kumatenti kudzatenga aganyu. Fidda, amene onse ankamutcha make Ghazi, anakalambira pa lole imeneyo. Anapatulira mapichesi, anathyola maapozi, anasamala mpesa wa vinyo amene iye sanalawepo n'kadontho komwe. Lamulo la Dirgham linali lakuti tenti iliyonse yoima pamalo ake izitumiza munthu kumunda. Yopanda waganyu inkazulidwa.

Mwana wake Ghazi anali ku Beirut kumaganyu a zomangamanga. M'tenti munatsala Fidda, mpongozi wake Ruwayda ndi khanda loyamwa. Choncho wokwera lole anali Fidda.

Chaka chimenecho ng'ala inamuphimba maso. Sanauze munthu, kupatula Hasna, mnzake wa mzere woyandikana. Kunja kukayamba kufunda, ntchito imakhala yothyola mphukira zosafunika pampesa, n'kusiya zimene zanyamula timaluwa todzasanduka mphesa. Timaluwato n'tating'ono, tobiriwira ngati masamba omwe. Fidda ankapapasa ndi zala, akakayika Hasna ankasuzumira.

"Imeneyo isiye, mchemwali. Thyola yakumanzereyo."

"Ndinaiona kale."

"Unaiona ndi chiyani? Dzulo unapereka moni kwa mpopi wamadzi."

"Ndipo unandiyankha mwaulemu kuposa mwamuna wako."

Kenaka kutentha kunabwera mwadzidzidzi, mphukira n'kuchuluka. Mwini munda anafuna ntchito ithe msanga, ndipo Dirgham anatumiza Hasna kumapichesi. Fidda anatsala yekha mumzere. Anamva mawu a anzake akutalikira, anadziwa kuti watsalira. Pofuna kuwapeza, anasiya kupapasa, n'kumangothyola.

Dzuwa litafika pamutu, Dirgham anabwera. Ananjuta, natola mphukira pansi, n'kuiika m'dzanja la Fidda.

"Azakhali, ichi n'chiyani?"

Zala zinamuuza asanayankhe. Timaluwa tinali pompo.

"Mzere wonse uli chonchi," anatero Dirgham motsitsa mawu. "Mphesa za chaka chino mwazigwetsa pansi."

"Linali fumbi, mwana wanga. Linandilowa m'maso."

"Fumbi lake losankha inu nokha? Mwiniwake akaona, wochotsedwa ndine. Pamalo sindikuthamangitsani ayi. Koma mawa akwere wina."

"Mwana akuyamwa."

"Ndikudziwa, azakhali. Akwere wina."

Madzulo Ruwayda anaika mkate ndi chambiko pamphasa. Fidda sanatambasule dzanja. Anafotokoza zonse, kuyambira tsiku limene ulusi unayamba kumukanika kulowetsa m'singano.

"Amayi, bwanji simunanene?"

"Ndikananena, ukanakwera ndiwe. Ndimati ndipirire mpaka mwanayu ayambe phala."

Ruwayda anayang'ana khanda lili pabere. Kenaka anafunsa kuti lole imabwerera nthawi yanji.

"Dzuwa likapendeka. Mabere akakuwawa, ukabisale kuseri kwa mpesa, ukafinye. Usachite manyazi, tonse tinadutsamo."

M'mawa Ruwayda anafinyira mkaka m'kapu ya tiyi, n'kuivundikira ndi mbale. Fidda anavula mpango wake wakumunda, naukulunga kumaso kwa mpongozi wake mpaka kunatsala maso okha, kuti dzuwa lisamuwaule. Anamupatsanso magolovesi ake ong'ambika pachala.

"Ukakhale pafupi ndi Hasna. Pakamwa pake mpoipa, koma sataya munthu."

Lole inaliza hutala. Ruwayda anapsompsona mwana, namuika m'manja mwa Fidda, n'kuthamanga osacheuka. Fidda sanathe kuona ngati wakwera. Anangomva Hasna akuti, "Senderani, mlendo akhale," kenaka injini ikutalikira.

Khanda linayamba kulira. Fidda anakhala pansi pakhomo la tenti, nafufuza kapu ndi supuni. Anapeza kakamwa ka mdzukulu wake ndi chala, n'kuyamba kumudonthezera mkaka wa amake pang'onopang'ono, kuti ufike mpaka madzulo.