Zilembo Zofiira Zimene Ndinkapala

Linali lezala lothyola pakati, mbali ina atakulungako kapepala kuti lisanditeme chala. Amalume ankalisunga m'chitini cha mabisiketi pansi pa bedi, pamodzi ndi timapaketi ta mankhwala. Dzinja limenelo ndinali Sitandade 3, ndipo lezalalo ndinkaligwira bwino kuposa pensulo.

Ntchito yanga inali kupala. Pa kapaketi kalikonse panali zilembo zofiira za Chingerezi, ndipo amalume ankati asodzi sazikonda. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala pamkeka m'nyumba mwawo ku Nkhudzi, mvula ikulira pamalata, usipa wokana kuuma ukununkha pakhonde, ine n'kumapala pang'onopang'ono mpaka pepala liyere osabooka. Utoto wake unkatsalira m'zikhadabo. "Zala za mtsikana uyu ndi za mu ofesi," ankatero amalume, n'kundiponyera switi. Ine kumva choncho, mutu kukula! Ana awo enieni ankaboola mapaketi, ine ayi.

Anthu ankawaitana kuti adokotala, chonsecho anali telala amene makina adawafera kalekale. Mankhwalawo ankabwera Lachisanu anthu akatuluka mumzikiti, m'chikwama cha mnzawo wina wogwira ntchito mosungira mankhwala pachipatala chathu chaching'ono. Loweruka amalume ankapalasa njinga mpaka ku Chembe kukagulitsa kwa asodzi. Ndisaname kuti ankandikakamiza. Ndinkachita kuthamangira.

Lolemba lina mng'ono wanga, wa zaka zitatu, anadzuka thupi lili moto. Mayi anamubereka, ine ndikunyamula kabuku kake ka kuchipatala m'jumbo kuti kasanyowe. Tinaima pamzere mpaka dzuwa lili pamutu. Atamubaya chala, anamwino anati ndi malungo. Kenaka anakweza katoni pawindo n'kuizondotsa kuti mayi adzionere okha. "Atha, amayi. Galimoto inabweretsa posachedwa pomwepa, koma onani. Kaguleni."

Mayi sanade nkhawa kwenikweni, poti achimwene awo anali adokotala. Koma titafika kwa amalume, m'chitini munali lezala lokha. Onse amene ndidapala Lachisanu adathera ku Chembe. Amalume anangoti, maso ali pansi, "Inshallah, Lachisanu abwera ena."

"Mwanayu adikire Lachisanu?"

Mawu a mayi amenewo ndimawamvabe. Mwanayo anagonera panado. Kutacha anauma thupi, maso atatembenuka, ndipo mayi anathamangira naye kumsewu kukaimitsa matola opita ku boma. Anakhalako masabata awiri. Anabwerako wamoyo, koma makutu adatsekeka mpaka lero. Pano ndi mayi wa ana atatu, amakazinga mandasi pamsika, ndipo ukafuna kumuitana umachita kumugwira phewa.

Ine lero ndili m'komiti ya chipatala chathu chaching'ono chija. Galimoto ya mankhwala ikabwera amatiitana kuti makatoni atsegulidwe ife tikuona, n'kusainira. Kale kunalibe zimenezo. Masiku ano pawailesi nkhani ndi yokonzanso zaumoyo: ena akuti pakhale thumba lapadera, ena akuti olemera azilipira, ena akuti zipatala ziziyendetsedwa ndi makhonsolo poti otithandiza akunja ayamba kubweza manja. Pamisonkhano ndine ndimakweza mawu kuposa onse. Ndimati thumba lobooka silidzala, sokani kaye. Anthu m'manja phwaphwaphwa. Eee, akadadziwa! Ndimabwerera kunyumba nkhope ikutentha ndi manyazi, chifukwa chibowo chimene ndimatukwanacho ndinachikuzako ndi zala zangazi.

Mudzati ndinali mwana. Inde, ndipo ndakhala ndikudziuza zomwezo zaka zonsezi, koma sizindipepuza. Mudzi wonse unkadziwa kumene mankhwala a amalume ankachokera. Mayi ankadziwa. Ngakhale aphunzitsi athu, amene ankatiuza kuti katundu wa boma ndi wa tonse, ankagula pakhomo pomwepo mutu ukawapweteka. Tinkati za boma zilibe mwini. Mwini wake anali kumsana kwa mayi tsiku lija, akupuma mobanika. Amalume adamwalira tisanakambiranepo nkhaniyi, ndipo mng'ono wanga sindinamuuzepo. Sindidziwa kuti ndingayambire pati ndi manja.

Pali kanthu kamodzi kamene ndakadumpha dala. Pawindo paja, anamwino atazondotsa katoni, ndinaona pambali pake zilembo zofiira zomwe zija. Ndinasangalala ngati ndaona m'bale wanga. Ndinakoka chitenje cha mayi n'kunena mokweza, mzere wonse ukumva: "Mayi, achipatala ndi aulesi, sapala zilembo zawo. Ndiwapalire ngati za amalume?"

Anamwino anangoyang'ana zikhadabo zanga, zimene zinali zidakali zofiira, kenaka anayang'ana mwana anali kumsanayo. Mayi ananditsina pantchafu mpaka kusiya chizindikiro, ndipo ndinalira njira yonse yopita kwa amalume. Ndinkaganiza kuti anditsina chifukwa cholankhula pakati pa akuluakulu.