Mkate wa Mgonero wa a Custódio

A Custódio a ku Tsangano akhala akuphika mkate wa Mgonero chibwerereni anthu kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Palibe adawasankha. Adangotulukira ndi tirigu wa m'munda mwawo ndi chiwaya, basi udindo n'kukhala wawo, kenaka ukulu wa mpingo n'kutsatira. Ndi anthu aja odziwa zonse: mvula, ndale, matenda a nkhumba, ngakhale za amayi oyembekezera. Kuwatsutsa ndiye mwaputa mavu nkhomola.

Mu kwaya ya mpingowo mudali Ercília, mkazi wamasiye, amene adaonda mpaka chitenje chinkamuzungulira kawiri. Kuchipatala ku Tete adamuuza kuti ali ndi seliyaka, matenda oti tirigu amakupala matumbo, ngakhale kanyenyeswa chabe. Adasiya mabanzi ndi mandasi, ndipo mapiritsi sankamwa asadafunse enfermeira, namwino wa kuchipatalako, ngati mulibe tirigu. Thupi lidayamba kubwerera. Vuto lidali mbale ya Mgonero, imene ankangoipatsira mnzake. Kuno wokana Mgonero amadziwika kuti pali chimene wachita. Amayi ena adayamba kusuzumira amuna odutsa pakhomo pake.

Adapita kukagwada kwa a Custódio, kupempha kuti amuphikire kachidutswa kake ka chimanga chokhachokha. A Custódio adavomera chifuwa chili patsogolo, amvekere zimenezo n'zachibwana kwa iwo.

Zachibwana kuti? Mkatewo udangoti yoyoyo m'manja. Mkate wa a Custódio uyoyoke pamaso pa abusa? Adatapa tirigu dzanja limodzi n'kuthiramo kuti ugwirane, mumtima akuti madokotala amakokomeza, ndipo chodalitsidwa sichipweteka munthu. Ngakhale akazi awo sadawauze.

Lamulungu Ercília adalandira, misozi ili mbwembwembwe ndi chimwemwe. Msonkhano wamasana usadathe, adatuluka chothamanga atagwira pamimba, mpingo wonse ukuona. Sabata yonseyo adali chigonere.

Akulu a mpingo atakumana, abusa adafunsa ngati padalakwika china pophika. Apa ndiye padafunika munthu wamtima, koma padali a Custódio. Adakhosomola kaye, n'kuyang'ana kudenga.

"Ine ndidaphika wa chimanga chokhachokha," adatero. "Ngati nawonso wamukana, abale, vuto si ufa."

Ha, manyazi alibe mkulu ameneyu! Ercília adamuchotsa mu kwaya, n'kumuika pa benchi yakumbuyo kufikira ataulula. Tsono aulule chiyani? Naye adakhulupirira kuti mkatewo udalibe tirigu, poti mkulu wa mpingo sanganame pa za Mgonero. Adafufuza moyo wake wonse, mpaka mawu amene adakalipira nawo malemu mwamuna wake ali pa mphasa.

Atalephera kulipeza tchimolo, adapita kwa a Custódio omwewo kuti amupempherere. Iwo adatulutsa mkeka pabwalo, adamusanjika dzanja pamutu, ndipo adapemphera mokweza kuti oyandikana nawo amve.