Achimwene anena odi kwa amayi

Moni nonse.

Achimwene a Mulipa atuluka kundende lero. Ndinapempha tchuthi ku esiteti n'kukawachingamira pa siteji ya Luchenza, kenako tinakwera kabaza mpaka kwa amayi.

Mukukumbukira kuti achimwene atathyola zenera n'kuba makina osokera a amayi aja, amayi analumbira kuti mwana ameneyu sadzapondanso m'nyumba mwawo. Njira yonse ndinkaopa kuti akawabweza.

Tinapeza amayi akusita zovala za pa Sabata, chitseko chili chotsegula. Achimwene sanalowe. Anaima pabwalo, navula nsapato, nati, "Odi." Amayi anapitiriza kusita. Achimwene ananenanso kachiwiri. Ine ndinati, "Tangolowani, kuno ndi kwanu."

Iwo anati, "Ayi, Joni. Zaka makumi awiri ndakhala ndikulowa m'nyumba za anthu popanda kuitanidwa. Ino ndidikira."

Anaima padzuwa mpaka makala a m'simbi anazima. Atanena kachitatu, amayi anafunsa osatembenuka, "Akunena odi ndani? Wanga ine amalowera pazenera."

"Ndine Mulipa, amayi."

"Ndiye lowa. Upukute mapaziwo, ndakolopa."

Ndikuthokoza Mulungu. Ndikuthokozanso inu achemwali, amene munkapitabe kukawaona kundende ine nditatopa nawo.

Koma patsala nkhani imodzi. Mawa amayi akupita kutchalitchi, ndipo akuti kiyi asiyira achimwene. Amayi ali ndi makina ena osokera atsopano, ndipo ali kuchipinda. Ndinati ndiyambe ndakasunga makinawo kunyumba kwanga, koma amayi akana. Akuti, "Ukachotsa makinawo, adziwa kuti odi wake sindinamumve."

Ndawasiya momwemo. Inu mukuti ndalakwitsa?