Salimo la Tereza M'dekoda

Ntchito yoika antena za kanema ndinaipeza chifukwa cha Chipwitikizi. Nditamaliza maphunziro a zamagetsi ku Tete ndinabwerera ku Chifunde, ndinakwatira, ndipo pepala langa la sukulu linagona m'chikwama pamene ine ndinkalima kumunda kwa apongozi kufupi ndi Nsadzo. Tsiku lina ku Cassacatiza ndikudikira galimoto, ndinaona bambo wina pakhonde la sitolo akulimbana ndi dekoda yatsopano. Ankadina komando, kachipangizo ka m'manja kosinthira matchanelo kaja, ngati akupha nsikidzi. Ndinasendera, ndinawawerengera zimene zinalembedwa pakanema, ndipo chinthucho chinatseguka.

"Denga umakwera?" anandifunsa.

"Ndikhoza kuphunzira."

"Ubwere Lolemba. Nsapato zoterera zimenezo uzisiye kunyumba."

Amenewo anali a Saimoni. Anakulira ku Zambia nthawi ya nkhondo monga ambiri a ife, koma iwo anachedwa kubwerera, choncho sukulu yawo yonse inali ya Chingerezi. Ine makolo anabwera nane ndikadali wamng'ono mtendere utangofika, ndinaphunzira kuno. Iwo ankadziwa madenga, ine ndinkawerenga zolembedwa. Tinkayenda pa njinga yamoto imodzi, imene kuno timati mota, makwerero atamangidwa m'mbali.

Ntchitoyi ndinaphunzira kwa iwo, ndipo zimenezo sindingakane. Antena imafuna pamalo posagwedezeka, pamtanda wa denga kapena pamzati wothira simenti, osati pa lata lokha. Ukamanga, mabawuti suwalimbitsa kaye. Umalumikiza kachipangizo kolira pakabo, n'kumatembenuza mbale ya antenayo pang'onopang'ono mpaka kulira kuja kukwere, kenako umalimbitsa mosinthanasinthana kuti mbale isapotoke. Kabo umaisenda ndi mpeni wakuthwa osakanda waya wamkuwa wapakati. Kumapeto kwake umavekako kachipewa kachitsulo kamene timati fisha, n'kukulunga ndi fita, tepi yomata ija, kuti madzi asalowe. Pakanema pamaoneka mizere iwiri, wa mphamvu ndi wa ubwino wa sinali yochokera ku antena. Wachiwiriwo ndi umene umanena zoona.

Dekoda zojambula ndi zimene zinali zachilendo masiku amenewo. M'kati mwake mumakhala disko yosunga mapulogalamu. Zimafuna kabo ziwiri kuchokera padenga, kuti munthu aziona china, china chikujambulidwa. Umasankha pulogalamu pandandanda, umadina batani lofiira, basi, ngakhale upite kumunda ukazipeza. Koma chojambulidwacho chimakhala cha dekoda yomweyo. Sungachikopere pa kalikonse, sungachinyamule kupita nacho kwina. Chimakhala mmenemo, ndipo chimafera mmenemo.

A Saimoni anali ndi mankhwala amodzi a matenda onse. Dekoda ikangovuta, ankalowa m'kati mwa menyu n'kusankha formatar, kutanthauza kufufuta disko yonse kuti chinthu chibwerere mmene chinachokera kusitolo. Mawuwo sankawerenga, zala zawo zinkadziwa njira. "Kastoma safuna nkhani, amafuna chithunzi," ankatero. Nthawi zambiri zotayika zinali mpira ndi masewero, ndipo eni ake ankangodandaula pang'ono.

Dekoda ya kutchalitchi kwathu ndinaika ine ndekha, m'chipinda cha misonkhano, pa sola ndi batire. Chaka chomwecho kwaya yathu inaitanidwa kukaimba pa Misa ina ku Tete imene inaonetsedwa pakanema. Mkazi wanga Tereza ndiye anasankhidwa kuimba salimo. Ndinatchera dekoda kuti ijambule, ndipo atabwerako mudzi wonse unadzaza chipindacho. Iye anabisa nkhope m'chitenje pamene kamera inamuyandikira.

"Mwandinenepetsa dala inu," anandinong'oneza.

"Ndi kamera."

"Kamera yake ndi inuyo, si munaika ndinu?"

Ndinaika chizindikiro cha loko pa chojambulidwacho kuti wina asachifufute mwangozi.

Tereza anamwalira pobereka, iye ndi mwana yemwe. Za zimenezo sindilemba zambiri. Maliro atatha, abale ake anandisudzula monga mwa mwambo, zovala zake ndi ziwiya zinagawidwa kwa achemwali ake, ine ndinabwerera kwathu ndi khasu ndi chikwama changa. Sindinawiringule, ndi mmene timachitira. Foni yanga inali ya mabatani, yopanda kamera yoti n'kutchula. Malo okhawo pamene Tereza ankayendabe, kupuma ndi kutsegula pakamwa anali m'dekoda muja.

Apongozi anga, aNabanda, ankatsala Lamlungu lililonse mapemphero akatha n'kuuza akatekisi, a Bonifasiyo, kuti, "Tiikireni mwana." Ankakhala pamphasa n'kuonera mpaka salimo lithe, kenako n'kumapita. Ine sindinapiteko. Ndinkadziuza kuti ndidzapita mtima ukadzalimba. Kungodziwa kuti alimo kunkandikwanira.

Mvula itakhazikika, a Bonifasiyo anatumiza uthenga kuti chithunzi chikuduka timabokositimabokosi, nthawi zina n'kuima chilili. Tinanyamuka Loweruka m'mawa. Tili pa mota ndinawauza a Saimoni, ndipo ndinanena momveka bwino, pakamwa panga pali pakhutu lawo.

"M'dekoda imeneyi muli malemu mkazi wanga akuimba. Kwina kulikonse kulibe. Disko musaikhudze."

"Ndamva, mphwanga."

"Loko ija siteteza mukapanga formatar."

"Ndati ndamva."

Titafika tinapeza azimayi akusesa pabwalo la tchalitchi, kukonzekera za mawa lake. Tinalowa m'chipinda, ndinayatsa, ndinatsegula mizere ya sinali. Wa mphamvu unali wodzaza, wa ubwino unkangodumphadumpha pansi. Aliyense wa ntchitoyi amadziwa tanthauzo lake: vuto lili kunja. Ndinaika komando patebulo, ndinatenga alikate yopanira ndi kudulira waya, mpeni ndi fita, ndinakwera.

Sindinafufuze nthawi yaitali. Dzuwa linali litamatula fita pa kabo imodzi, madzi n'kulowa. Fisha inali yobiriwira ndi dzimbiri, waya wapakati wakuda. Ndinadula mpaka pamene mkuwa unayamba kuwala, ndinasenda, ndinaveka fisha yatsopano, ndinakulunga. Ndinakonzanso inzake ngakhale inali isanaonongeke, ndinapinda kabo kuti madzi azidonthera pansi asanafike pachitsulo. Malata anali oterera, ndiye ndinkagwira ntchito ndi dzanja limodzi. Pansi ndinkamva azimayi akuseka.

"Ikuti bwanji?" ndinafuula.

"Yachira! Tsika tizipita," anayankha a Saimoni ali m'chipinda muja.

Nditalowa, kanema ankaonetsa bwino kwambiri. Koma pakona panali kachizindikiro kamene dekoda imaonetsa ikangomaliza kusaka matchanelo ngati yatsopano. Ndinatola komando, ndinatsegula mndandanda wa zojambulidwa. Munali mawu awiri a Chipwitikizi onena kuti mulibe kanthu. Ndinatuluka, ndinalowanso. Ndinazimitsa, ndinayatsa. Mawu omwe aja.

"Mwachita chiyani?"

"Imachita chibwibwi, ndaipatsa mankhwala ake. Taona mmene ikuonekera."

"Yachira chifukwa cha fisha. Ndinakuuzani panjira."

"Unanena, inde." Anayamba kupinda kabo yotsala padzanja. "Koma kubala ya mowa ku Cassacatiza mpira ukuyamba masana, mbale yawo inatembenuka ndi mphepo, anthu akutidikira. Iwe unali phee padengapo. Ndikanakhala pano mpaka liti?"

Kenako anawonjezera:

"Chithunzi si munthu, mphwanga. Amene anapita anapita. Udzakwatira wina."

Alikate inali m'dzanja langa. Ndikukumbukira kulemera kwake, ndipo ndikukumbukira kuti ndinayang'ana pamwamba pa khutu lawo. Ndinagwada, ndinatsegula chikwama cha zipangizo, ndinaiika m'malo mwake, ndinatseka zipi mpaka kumapeto.

Akanakhala kuti sankadziwa chimene batani lija limachita, bwenzi nditawakhululukira kalekale. Ankadziwa. Analidina kambirimbiri ine ndikuona. Dekoda imafunsa kawiri isanafufute, ndipo iwo anavomera kawiri konse. Anaika mkazi wanga mbali ino, anthu a kubala mbali inayo, n'kuona kuti a kubala ndiwo olemera. Sichinali chidani, analibe nane chifukwa. Anangofuna kufulumira. Chimenecho ndi chimene chimandiwotcha mpaka lero.

A Bonifasiyo anali ataima kukhoma, chipewa chili m'manja. Ndi munthu wachikulire, anaphunzitsa katekisimu kumsasa wa othawa nkhondo, ndipo za mabatani sankazidziwa.

"Anandifunsa kuti, tikonze? Ine ndinati konzani," anatero motsitsa mawu. "Kodi ndikanati chiyani, mwana wanga?"

"Palibe chimene mwalakwa, bambo."

Pamenepo pakhomo panachita mdima. Anali aNabanda, tsache lili m'manja. Anali m'gulu la osesa aja. Ataona kuti ndili m'kati sanalowe, anaima pambali pa chitseko monga mmene mpongozi amachitira, n'kulankhula kwa akatekisi.

"Ndamva kuti yachira. Tiikireni mwana timuone pang'ono, sabata yatha ija tinalephera."

A Bonifasiyo anayang'ana pansi. Ndinatembenuka kuti a Saimoni ayankhe okha, koma anali atatulukira khomo lakuseri. Ndinkawamva akumanga makwerero pa mota.

Chikwatirireni ndinali ndisanalankhulepo ndi apongozi maso ndi maso. Zonse zinkadzera mwa Tereza. Ndinatuluka, ndinanjuta chapatali pang'ono, nkhope nditalozetsa kumbali.

"Amayi, mulibenso."

"Mulibe bwanji?"

"Zafufutidwa pokonza."

"Mumubwezeremo."

"Sizitheka, amayi."

Azimayi ena anali atasiya kusesa.

"Inu munali kuti, akamwini?"

"Ndinali padenga."

"Padenga." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Poyamba paja tinamuika tonse, inu munagwira nawo bokosi. Lero wapita popanda womuperekeza."

Sanalire. Anawerama, anagwira tsache n'kupitiriza kusesa pamene anasiyira.

A Saimoni analiza mota n'kundikodola. Ndinawauza kuti apite. Anadikira pang'ono, anapukusa mutu, anapita kukakonza mpira wawo. Ine ndinapempha a Bonifasiyo kuti andibwereke dekodayo, ndipo sabata yotsatira ndinapita nayo ku Tete kwa mnzanga wa kusukulu amene amakonza makompyuta. Anachotsa disko, anayesa zonse zimene ankadziwa. Anapeza zidutswa zosatseguka, chifukwa zojambula za dekoda zimakhala zotsekedwa ndipo chotsegulira chake chinapita pofufuta paja. Ndinafunsanso kwa amene anaonetsa Misa ija. Anandiyankha mwaulemu kuti zakale chotero sasunga.

Dekoda ndinaibweza kutchalitchi, ndinailumikiza, ikugwira ntchito mpaka pano. ANabanda satsalanso mapemphero akatha.

Kwa a Saimoni ndinapitako kamodzi, kukasiya chikwama cha zipangizo.

"Ukusiya ntchito chifukwa cha kanema?" anafunsa.

"Inde."

"Sukulu imakupusitsani anyamata inu. Ukadzamva njala udzabwera."

Njala ndinaimva, koma sindinabwerere. Ndinayamba pandekha ndi njinga yakapalasa ndi makwerero obwereka, ndipo pano madenga ambiri a pakati pa Nsadzo ndi Chifunde ndawakwera. Tikakumana pamsewu amandipatsa moni, ine ndimayankha. Sanapepesepo. Ndikukhulupirira kuti mpaka lero amaganiza kuti formatar ndiyo inachiritsa dekoda ija.

Kwa amene akufuna kulowa ntchitoyi, chimene ndinatola n'chochepa. Vuto la chithunzi uyambe kulifuna kunja, pa fisha ndi pa kabo, chifukwa kawirikawiri limakhala kumeneko. Usanakhudze menyu, tsegula mndandanda wa zojambulidwa mwini wake ali pomwepo, umufunse chimodzichimodzi. Anthu sanena okha. Amayi ena anandionetsa nkhani za madzulo zakalekale, ndipo nditafunsa chifukwa chozisungira, anandilozera munthu wodutsa kumbuyo kwa mtolankhani, atakwera njinga. Anali mwana wawo amene anapita ku migodi osabwerako. Ndinawakhazika pansi, ndinatenga foni yanga, imene tsopano ili ndi kamera, ndinajambula kanemayo akusewera, ndipo ndinawatumizira pa foni ya mdzukulu wawo. Chithunzi chake chimanjenjemera, koma chilipo pawiri. Ndikatero m'pamene ndimayamba ntchito.

Mawu a salimo lija ndimawadziwa onse, ali m'buku la nyimbo. Liwu la Tereza ndilo layamba kundithawa. Pali pamalo pena pamene ankakweza n'kupuma pang'ono, ndipo masiku ena sindikumbukira ngati ankapuma asanakweze kapena atakweza. Palibe woti n'kumufunsa.

Ndikamakwera denga, komando imakhala m'thumba langa la malaya, batani lotseka thumba nditalimanga. Eni nyumba ena amaseka. Bambo wina ku Cassacatiza anandifunsa ngati ndikuopa kuti andibera komando yawo yomwe.

"Ayi, bambo," ndinatero. "Ndikupatsani ndikatsika."