Makumba a Simioni

Simioni anakulira pa bwato ku Malindi, ngati bambo ake. Mu 1981, akutsuka ukonde m'bango, ng'ona inamugwira dzanja lamanzere. Anzake anaikantha ndi nkhafi mpaka inamutaya, koma kuchipatala dzanjalo analidulira m'chigongono. Usodzi wa panyanja unathera pomwepo, pakuti nkhafi sigwirika ndi dzanja limodzi.

Anthu akutchalitchi anamuuza kuti azingolondera maukonde a anzake. Iye anakana. Anali atamva pa wailesi kuti nsomba zimawetedwa, ndipo kwawo kwa mkazi wake Lena, kumapiri a kumtunda, kunali dambo losauma. Anasamukira kumeneko n'kuyamba kukumba damu. Mpini wa khasu ankaumangirira ku chitsa cha mkono wake ndi lamba wa mphira. Lena ankatuta dothi m'dengu masiku amene amayi a m'mudzi sanaitanidwe kukaphunzira nyimbo za chipani.

Damu litadzaza, anaikamo tiana ta makumba, nsomba zimene alimi ambiri ankaweta. Tinafa tonse. Anaikamo tina, natonso tinayandama mimba zili m'mwamba. Pamudzi anayamba kunong'ona kuti dambolo lili ndi eni ake osaoneka.

Simioni anatsika wapansi mpaka ku boma la Mangochi, khadi la chipani lili m'thumba kuopa anyamata a chipani ofunsa makhadi pamsewu, ndipo anakadandaula kwa alangizi a za nsomba, a Jaffalie. Iwo anabwera pa njinga yamoto, natulutsa kapepala, n'kukaviika m'damu. Kanasanduka ngati papaya wakupsa. Anakayerekeza ndi mitundu yojambulidwa pa kabokosi kake.

"Bambo, madzi anu ali pa foro," anatero a Jaffalie. "Muyeso uwu timautcha pH. Umayambira pa ziro kulekeza pa fotini. Pakati, pa seveni, kapepala kamabiriwira. Kutsika m'munsi ndi mbali ya asidi, kwa mandimu ndi bwemba. Kukwera m'mwamba ndi mbali ya chidulo ndi sopo."

"Foro ndi seveni si kutali, alangizi," anatero Simioni.

"Ndi kutali. Mukatsika nambala imodzi, asidi wachuluka kakhumi. Makumba amafuna seveni kapena eyiti. Thiranimo laimu, ufa wochepetsa asidi."

Anamusiyira timapepala tingapo ndi kabokosiko. Koma laimu m'masitolo munalibe. Lena ndiye anakumbukira kuti anzake achiyao amawotcha zigoba za nkhono n'kupanga swakala, ufa woyera wosakaniza ndi fodya wotafuna.

"Abambo, si laimu yemweyo ameneyu?" anafunsa.

Simioni anabwerera kunyanja kumene anachoka, n'kuyamba kutola zigoba mumchenga anzake akale akumuyang'ana. Ena anamumvera chisoni poganiza kuti mutu wasokonekera. Iye anangopitiriza kutola. Anasenza matumba kukwera nawo phiri, maulendo ambirimbiri, mpaka phewa linasupuka. Anawotcha zigobazo pa mulu wa nkhuni, Lena nasinja, ndipo ufa wonsewo anaukhuthulira m'damu tsiku limodzi.

Kutacha anapeza ana a achule atafa mbwee m'mphepete. Anaviika kapepala, ndipo kanada n'kukhala kapepo. Pa kabokosi mtunduwo unali kupitirira teni. Anakhala pansi pa mlambala wa damu.

"Tisiye, abambo," anatero Lena. "Tizingolima chimanga."

"Ayi, mayi. Kale sindinkadziwa chimene chikupha nsomba. Lero ndikuchiona ndi maso. Ndinali m'munsi, tsopano ndalumphira m'mwamba. Pakati palipo."

Anatsegula ngalande kuti madzi a m'dambo azilowa pang'onopang'ono, ena akutuluka. Timapepala tinali titatsala pang'ono, choncho ankating'amba ndi lezala, kamodzi n'kukhala tinayi topyapyala. Mtundu unachoka pa pepo n'kufika pa buluu. Anaugwira mtima, osaikamo nsomba. Tsiku lina kapepala kanatuluka kobiriwira ngati tsamba la mpiru. Anayesanso kumapeto ena a damu, ndipo kanabiriwiranso. Apo m'pamene anakatenga tiana kachitatu.

Tianato sitinafe. Ankatidyetsa madeya ndi masamba a chinangwa, ndipo mvula yamphamvu ikagwa ankayesa madzi n'kuwazamo ufa wa zigoba wodzaza chikho chimodzi chokha, kenaka n'kudikira.

Pokolola, Lena anagwira mbali imodzi ya ukonde, Simioni mbali inayo, chingwe atachikulunga m'chiuno. Makumba anadzaza madengu awiri, ndipo mudzi wonse unadya nsomba zaziwisi osatsikira kunyanja. Mlamu wake wa Simioni, Bonface, amene ankalimbikira kwambiri za eni dambo aja, anabwera m'mawa mwake khasu lili paphewa.

"Alamu, ndikumbe pati?" anafunsa.

"Musanakumbe, tiyeni tikayese kaye madzi," anayankha Simioni, nalowa m'nyumba kukatenga lezala.