Mwezi Umene Pulogalamu Inaiwala

Mayi Wubalem Asrat sankakhulupirira chinthu asanachitsegule n'kuona za m'kati. Ali mtsikana anaphwasula wailesi ya bambo awo, ndipo sinalirenso mpaka lero. Chidwi chomwecho ndi chimene chinawafikitsa pa ntchito ya makompyuta pa kachipatala ka amayi oyembekezera ku Kolfe, mu Addis Ababa. Pulogalamu yosunga masiku a sikelo anailemba okha m'chilankhulo cha makompyuta chotchedwa Delphi, ndipo kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sinaphonyetsepo mayi aliyense tsiku lake.

Kenako kunabwera bwana watsopano, Nahom, wa msinkhu wa mwana wawo. Iye anati pulogalamuyo ichoke, ilembedwe ina m'chilankhulo cha JavaScript. Atamufunsa chimene yakaleyo yalakwa, anavomera kuti palibe.

"Koma Mayi, mukadwala mawa ndiitana ndani? Ntchito ya wokuthandizani ndalengeza kawiri konse. Anabwera mmodzi yekha, nayenso Delphi ankangoimva kwa agogo ake."

Kunena zoona, zinawapweteka. Komabe chidwi chinaposa mkwiyo. Anayamba kufunsa ophunzira m'malo omwera khofi chifukwa chimene onse akuthamangira chilankhulo chimodzichi. Ophunzira anati n'chimene makampani akufuna. A makampani anati n'chimene ophunzira akudziwa. Woti anakhalapo pansi n'kuchiyerekeza ndi chinzake sanamupeze, ndipo zimenezi ankaseka nazo okha pobwerera kwawo.

Anyamata atatu aganyu analemba pulogalamu yatsopano, yokongola ndithu. Gawo lowerengera masiku sanavutike nalo, anangotenga lopangidwa kale pa intaneti, la miyezi khumi ndi iwiri, n'kusintha mayina. Mwezi wa Nehase utatha unalowa Pagume, kamwezi kachikhumi ndi chitatu ka masiku asanu kotsekera chaka pa kalendala ya kumeneko, ndipo kompyuta inakana kuti kulibe mwezi wotero. Amayi anadzaza pakhonde, anamwino akulemba pa timapepala. Chomvetsa manyazi n'chakuti mmodzi mwa anyamatawo anabadwa mu Pagume momwemo.

Nahom analowa mu ofesi ya Mayi Wubalem atazyolika. Anati anamwino akulirira yakale, ndipo chimene Mayi Wubalem anene ndi chimene chichitike.

Mawu amodzi okha akanabwezeretsa ntchito ya moyo wawo wonse. Koma kwa milungu isanu ndi umodzi anali akuwerenga mwakachetechete zimene anyamatawo analemba. Anaona kuti n'zosalongosoka, komanso anaona mitu itatu itaweramira chinthu chimodzi, ikukangana n'kumakonzerana. Pa pulogalamu yawo panalibe amene anakanganapo nawo.

Anakoka mpando, nauza wobadwa mu Pagume uja kuti asendere, aone mmene mwezi wake umalowera m'chaka kuti awuike mu pulogalamu yatsopanoyo. Pofika masana, mayi woyamba anali atapatsidwa tsiku lake.

"Nanga yakale ija titani nayo, Mayi?" anafunsa Nahom.

"Kaizimitse wekha, mwanawe. Ine dzanja langa silingathe."